Mano a Amalume a Ngozo

Chiliza cha amalume a Layisoni tachitsegulira sabata yatha, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Abusa atatha pemphero, azibambo ochokera kumtunda anavina ngoma pang'ono ndi zishango zawo, fumbi lili koboo, kenaka anthu anabalalikira m'mithunzi kudikira chakudya. Eneresi, mwana woyamba wa malemuwo, ankayenda ndi ndowa ya madzi a bwemba kugawira alendo. Aliyense akamwa ankatsinzina diso limodzi n'kumuyamikira kuti wasungunula monga ankakondera bambo ake, owawasa zenizeni, opanda ndi kashuga komwe. Ine kapu yanga ndinangoigwira mpaka inafunda m'manja. Mawu anali pakhosi, koma kumanda si kokanganirana, ndiye ndinakathira madziwo kuseri kwa mtengo.

Amalumewa anali mlongo wawo wa mayi anga. Kwathu kuchigwa, kumunsi kwa Kandeu, mukafunsa za a Layisoni anthu ayamba akanda kaye kumutu, koma mukangoti a Ngozo a mano, ngakhale mlendo wobwera dzana akulozerani nyumba. Abale inu, munthu uja anali ndi mano! Oyera mbee, ondondozana bwino, osasowa ndi limodzi lomwe mpaka imvi zitadzaza mutu. Eni akenso ankadziwa. Ankaseka nkhani zosaseketsa n'komwe, ndipo m'kwaya ya azibambo ankayasamula kuposa pomwe nyimbo yafunira. Mayi anga ankawanena kuti achimwene akanakhala ndi njira, bwenzi akumavula milomo n'kuisiya kunyumba.

Manowo sanali okongoletsa pakamwa chabe, anali ndi ntchito. Kusikimu kwathu timalima mpunga wothirira, ndipo wa chilimwe timakolola dzuwa lili pachimake, mvula isanagwe. Mpunga ukayanikidwa pamafunika kudziwa nthawi youchotsa. Ukafulumira umakachita nkhungu m'thumba, ukachedwa umauma mopitirira n'kukaphwanyika kuchigayo. Wogamula anali amalume. Ankatola njere imodzi, kuiika pa mano akutsogolo, n'kutsinzina. Tonse zii. Njere ikathetheka bwino ankangoti, "Longani." Ikaphwatika ankalavula n'kuloza kumwamba, kutanthauza kuti dzuwa likadali ndi ntchito. Si kuti anali matsenga ayi, enanso ankaluma, koma ngakhale utaluma wekha unkapitabe kukawaitana a Ngozo kuti mtima ukhale m'malo. Iwo ankabwera mochedwa dala, manja kumbuyo, akudandaula kuti anthu sawapatsa mpata wopuma.

Mukawafunsa chomwe ankalemekezera mano chotere, ankakubwezerani ku unyamata wawo, tsiku lomwe anakalembetsa ulendo wa kumigodi ku Joni. Akuti anawaimika pamzere atavula malaya, dokotala n'kumawayang'ana m'maso, pachifuwa ndi mkamwa ngati akugula ng'ombe. Mnzawo amene ananyamuka naye m'mudzi muno anabwezedwa pakhomo pomwepo, ndipo amalume mpaka imfa yawo ankakhulupirira kuti chinamubweza ndi mano obooka. Kaya zinalidi choncho, kaya mnzawoyo anali ndi chifuwa, ife sitidziwa. Iwo anatolapo chinthu chimodzi, choti mwamuna amalembedwa ntchito ndi mkamwa mwake. Nkhani imeneyi tinaimva mpaka kuiloweza, moti akangoyamba kuti "titafika pamzere paja," ana tinkamalizitsa tokha chamumtima. Ku Joniko anabwerako ndi njinga, jekete lolemera losavalika kuchigwa kuno, ndi kapu yachitsulo yokutidwa zoyera imene sankalola munthu wina kumwera.

Mdani wawo anali shuga, ndipo pamenepo sankanyengerera. Tiyi ankamwa wowawa. Nzimbe ankati ndi chakudya cha anthu osaganiza za mawa. Munthu wotsegula botolo ndi mano ankamudzudzula ngakhale ndi paukwati, ngakhale sakumudziwa. Chiyambireni matipate, aliyense atayamba kugulitsa chomwe wafuna pomwe wafuna, kuchigwa kunafika mafilizi, timadzi tashuga tofiira touma m'timapepala ta pulasitiki, tomwe ana amayamwa kukatentha. Wobwera nato anali Anaphiri a pamsika wa Kandeu, bokosi lozizira lili pamutu. Amalume akangowaona akutsika njira ya kusikimu ankasiya khasu.

"Anaphiri, mwabweranso kudzabowola ana athu mkamwa?"

"Ndabwera kudzawaziziritsa kukhosi, a Ngozo. Dzuwa ili mukuliona ngati la masewera?"

"Bwererani nazo kwanu zimenezo, muzikadyetsa adzukulu anu."

"Adzukulu anga amadya, ndipo akunenepa. Inu talawani imodzi, mwina ukaliwu n'kutsika."

Ankakangana choncho chaka ndi chaka, ngakhale pa maliro a amuna awo a Anaphiri wosenza bokosi la malirowo kutsogolo anali amalume omwewo. Mwana wa pabanja pathu akapezeka ndi lilime lofiira ankadziwiratu kuti khutu lake lipotokoledwa.

M'malo mwa shuga iwo anali ndi bwemba. Miyezi yotentha, mpunga ukamacha, munthu umakhala kumunda kuyambira m'mawa kupirikitsa mbalame. Mjigo uli kutali, madzi a m'ngalande samweka. Amalume ankadzaza bwemba m'thumba la malaya, kuponya mkamwa, kusunga m'tsaya n'kumayamwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Posowa bwemba ankadula ndimu, kapena mango osapsa othira mchere. Ankati zowawasa zimapha ludzu pomwe madzi ambiri amafooketsa mawondo. Ankatinso chowawasa chimatsuka, chotsekemera ndiye chimaoletsa. Akaweruka, asanakhale n'komwe pansi, ankapita pamafuwa kukatapa phulusa, kusakaniza ndi khala lopera, kufinyirapo ndimu, n'kuyamba kukwecha ndi mswachi wa mtengo mpaka thukuta. Tonse anatiphunzitsa choncho. Madzulo ana a nyumba zoyandikana ankafola pakhonde pawo, aliyense ndi kamswachi kake, amalume n'kumayendera mzere kuona amene wachita ulesi. Wophunzira wawo weniweni anali Eneresi. Iyeyo anatengera mano a bambo ake, anatengeranso khama lawo ndi kuuma mutu komwe.

Sindidziwa chaka chomwe zinayamba, chifukwa ankabisa. Chomwe ndinaona ine n'chakuti kapu yawo ija anayamba kuisiya padzuwa kuti madzi afunde asanamwe, munthu amene kale ankafuna a pansi pa mtsuko ozizira. Akamamwa ankapendeketsa mutu kuti madzi adutse mbali imodzi. Mano aja anayamba kufupika, kuoneka achikasu, kunsonga kwake kopyapyala ngati chikhadabo. Iwo poona chikasucho anati ndi litsiro, ndiye anawonjezera phulusa ndi ndimu, kukwecha m'mawa, masana ndi madzulo. Mayo ine, ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawa, poti tonse tinkaonerera n'kumawatama kuti ndi aukhondo.

Tsiku lomwe zinaululika ndinalipo. Kunatentha kosati masewera, mpunga wa mabanja angapo uli mbwee pamikeka ndi pamatenti. Eneresi anatapa wake m'manja n'kupita nawo kwa bambo ake. Amalume anatola njere, kuika pa dzino, kutsinzina monga mwa masiku onse. Kuthetheka kunamveka ndithu, koma sikunali kwa mpunga. Anatsegula maso misozi ili lengelenge, n'kulavulira m'dzanja. Njere inali yathunthu, pambali pake pali kachibenthu ka dzino.

"Ababa, n'chiyani?" anafunsa Eneresi.

"Mwala. Bwanji simupeta mpunga wanu anthu inu?"

Panalibe mwala, ndipo ife amene tinali pafupi tinaona. Anafumbata dzanja lija n'kulilowetsa m'thumba. Anatola njere ina, kuyesa mbali ina, koma itangokhudza anadzidzimuka ngati aponda khala lamoto. Anthu anayamba kuyang'ana kumbali. Bambo wina anayesa kuseka kuti achotse manyazi, koma palibe anamuthandiza kusekako. Amalume anati dzuwa lawazunguza mutu, ndipo ananyamuka osatsanzika. Mpunga tinalonga tokha tsiku limenelo, mongoganizira.

Kuwatengera kuchipatala cha paboma inali nkhondo. Anavomera ataona kuti ngakhale mphepo ikalowa mkamwa mano akuyayamira mpaka m'mutu. Wopita nawo ndinali ine, poti Eneresi ankati kuchipatala amangodziwa kuzula. Anavala jekete la ku Joni lija m'dzuwa lonselo, thukuta lili kamukamu, ndipo nditawauza kuti avule anandifunsa ngati ndinaonapo munthu akupita kwa dokotala ngati akupita kudimba.

Dokotala wa mano anali mayi wofatsa. Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti dzino lobooka ndi shuga palibe ndi limodzi lomwe. Amalume ananditembenukira monyada, ngati akuti wamva? Kenaka mayiyo anawafunsa zomwe amadya kumunda ndi zomwe amatsukira mkamwa, iwo n'kufotokoza zonse mokondwa, bwemba, ndimu, phulusa, makala, ngati akuphunzitsa mwana wa sukulu.

Anawamvetsera osawadula mawu. Atatha, anawafotokozera kuti dzino lili ndi chikuto cholimba pamwamba, chonga zoyera zomwe zimakuta kapu yachitsulo. Zowawasa zikakhalitsa mkamwa chikutocho chimafewa, makamaka nyengo yotentha pomwe mkamwa mwauma, malovu oti atsuke achepa. Ukachikwecha chili chofewa, ndi phulusa ndi makala, umakhala ukuchipala. Chikasu chomwe ankalimbana nacho sichinali litsiro, munali m'kati mwa dzino mutayamba kuonekera. Akanati azimwa madzi pafupipafupi, kuchukucha mkamwa akatha kuyamwa bwemba, n'kudikira kaye asanatsuke ndi mswachi wofewa, bwenzi nkhani ili ina.

"Chabwino, adokotala, ndamva," anatero amalume. "Ndipatseni mankhwala ake chimerenso."

"Agogo, chimenecho sichimeranso. Tingathe kuteteza chomwe chatsala ndi kuchepetsa ululu."

"Khungu limamera. Chikhadabo chimamera. Ine fupa ili linathyoka kumgodi, linalumikizana."

"Zoona, agogo. Koma ichi ayi."

Amalume anasisita chipewa pabondo. Ine ndinkayembekezera kuti akalipa, poti munthu uja sankagonja pa mkangano. Koma anafunsa motsitsa mawu, osayang'ana munthu:

"Nanga amene wachita zimenezi chiyambire ali mwana?"

Mayiyo anati ameneyo asiye lero lomwe, chifukwa chotsalacho n'chomwe adzakalambe nacho. Apo ndinadziwa kuti amalume sakuganizanso za mkamwa mwawo. Mu minibasi pobwerera anangoyang'ana pawindo njira yonse.

Anthu amati a Ngozo anali ouma mutu, ndipo n'zoona, koma ine ndinawaona akutembenuka tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake anayamba kuyenda khomo ndi khomo kugwetsa zomwe anamanga zaka zonse zija. Ankauza amayi kuti mwana wopita kumbalame azimupatsa chigubu cha madzi. Ankati wayamwa bwemba achukuche mkamwa, apume, phulusa alisiyire mapoto. Ana akabwera pakhonde ndi timiswachi tawo ankawabweza. Tsoka lake linali loti zonsezi ankazinena dzanja lili pakamwa. Pomwe mano anali oyera anthu ankamva chilichonse chotuluka m'menemo, koma tsopano ankangovomera mwaulemu, iwo akangopotoloka n'kuyamba kunong'onezana. Ena ankati ndi ukalamba, ena ankati alipo a nsanje amene anawachita chipongwe. Palibe ankafuna kumva kuti kutsuka kungawononge.

Anaphiri anakumana nawo panjira ya kusikimu masiku omwewo.

"A Ngozo, ine wa shuga ndikukukutabe chimanga chokazinga. Inu a phulusa zakuthandizani chiyani?"

Ananena moseka, akudikira kubwezeredwa monga kale, ngakhale tonse tinkadziwa kuti iwonso mano akumbuyo anazulitsa kalekale. Amalume anangoti, "Mwanena zoona, mayi," n'kudutsa. Anaphiri anatula bokosi pansi, kuwayang'ana mpaka anakhota. Kuyambira pamenepo akabwera kuchigwa ankazungulira njira ya kumjigo.

Koma anthu a m'mudzi sanali owasowetsa tulo kwenikweni. Amene ankafuna kumupulumutsa anali Eneresi. Tsiku lina ndili pomwepo anamupeza kuseri kwa khitchini, wangochoka kumunda, phulusa lili m'dzanja.

"Mwananga, taya zimenezo."

"Ababa, munkandikwapula ndili mwana ndikagona osakwecha. Lero mukuti nditaye?"

"Ndinalakwitsa."

"Simunalakwitse. Mwafika imvi ndi mano onse, ndani winanso m'mudzi muno? Akuchipatala akusokonezani mutu. Anuwo atha ndi ukalamba basi."

"Tayang'ana kuno."

Anachotsa dzanja pakamwa n'kuyasamula pamaso pa mwana wawo, chinthu chomwe sanachitirenso munthu wina aliyense. Eneresi anayang'ana pansi. Anati madzi atha m'nyumba, anatenga ndowa, n'kumapita.

Kenaka anayamba kutuma ine. "Nachisale, iwe unamva ndi makutu ako. Kamuuze msuweni wako." Ndinapita, osati kamodzi. Ndinamunyengerera, ndinamukalipira, ndinamugulira mswachi wa m'sitolo umene anaupereka kwa mwana kuti azitsukira nsapato. Yankho lake linali limodzi, loti bambo ake amawadziwa ndi iyeyo, ndipo amene akulankhula masiku anowa ndi matenda. Ndinazindikira mochedwa kuti kwa Eneresi kutaya phulusa kunali kuvomera kuti bambo ake aja, a mano oyera, oitanidwa ndi sikimu yonse, sankadziwa chomwe akuchita. Iye zimenezo sakanatha. Ankawakonda kwambiri moti sanathe kuwamvera, ndipo ine ndinasowa pogwira.

Zaka zotsatira mano aja anapita limodzilimodzi, lina kubenthuka, lina kuzulidwa litawagoneka ndi ululu. Kwaya anasiya. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, nyimbo n'kumangoing'ung'udza. Chakudya ankadyera m'nyumba chitseko chotseka, phala ndi mbatata yophwanya, ndipo mlendo akawapeza ankati adya kale. Nthawi yokolola sankafikanso poyanikira. Mkazi wina wachilendo, wokwatiwa kumene m'mudzi mwathu, anamva kuti mpunga amaluma ndi a Ngozo, ndiye anapita nawo m'kambale mpaka pakhonde, n'kugwada. Amalume anatapa njerezo, kuzipukusa m'dzanja nthawi yaitali, n'kuzibweza m'mbale. Anamuuza kuti akafunse anzake. Mkaziyo anachoka akudabwa kuti walakwa chiyani.

Chinawatenga si mano, chinali chifuwa chomwe anabwera nacho kumigodi. Masiku otsiriza tinkasinthana powadwazika. Masana ena Eneresi atatuluka kukaphika, anandikodola kuti ndisendere pafupi.

"Wasiya?"

Ndinadziwa kuti akufunsa za Eneresi ndi phulusa lija. Ndikanatha kuwanamiza, koma munthu uja ankandiwerenga pankhope chiyambire ndili wamng'ono.

"Sanasiye, amalume."

Anapuma mozama, n'kutembenukira kukhoma. Eneresi atalowa ndi phala anadya masipuni angapo kuti asamukhumudwitse, akumuyang'ana pakamwa nthawi yonse yomwe ankalankhula. Sanaitchulenso nkhaniyo mpaka tinawaika.

Mawa lake la chiliza, alendo atabalalika, ndinadzera kunyumba kwa amalume. Simukhala munthu. Chitseko anachimanga ndi waya, ndipo udzu wa denga wayamba kutsetsereka mbali ya kumvuma. Pakhonde dothi lozira lasweka, mbuzi za oyandikana nazo zapezapo pogona masana. Nkhokwe inagwa, palibe waidzutsa. Pabwalo, pomwe kale sipankamera kanthu chifukwa cha mapazi a anthu obwera kudzaitana, pamera minga ya nseso.

Eneresi ndinamupeza akusesa masamba. Tinakhala pakhonde pomwepo titathamangitsa mbuzi, tikukamba za alendo, amene anadya kwambiri ndi amene sanabwere. Kenaka anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi.

"Msuweni, tandiyang'ana bwino. Anthu dzulo amandiyang'anitsitsa pakamwa. Kodi ayamba chikasu?"

Ndinayang'ana. Akutsogolo awiri afupika, ndipo kunsonga kwake kuwala kukudutsa.

"Ayamba, Eneresi. Chonde, tiye kuchipatala mawa. Chotsalacho chikhoza kutetezeka."

Kwa kanthawi ndinaganiza kuti wamva. Kenaka anapukusa mutu.

"Ndi zokonzekera chilizazi. Mwezi wonse ndakhala ndikungotsuka mothamanga. Ababa akanandiona akanachita manyazi."

Anaimirira, kukunkha chitenje, n'kulunjika kwake komwe moto wa alendo unasiya phulusa lambiri. Ndinamuitana, sanacheuke. Ndinatsala ndekha pakhondepo, mbuzi zija n'kuyamba kubwerera imodziimodzi.